Funsani Azakhali: Mwana wanga akuti wopha anthu uja adali wokongola

Makalata a mwezi uno andidabwitsa. Ndidazolowera mafunso a malire a minda, chuma cha masiye ndi amuna opita ku Joni osatumiza ngakhale sopo. Koma ulendo uno atatu abwera ndi dzina limodzi, la Ted Bundy, mzungu wa ku America amene adafa zaka zoposa 30 zapitazo. Zikuoneka kuti anyamata obena makanema pamsika wa paboma agwira ntchito. Ndawayankha onse atatu, woyambayo motalikirapo chifukwa wandikhudza penapake.

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa usipa wouma pamsika. Mwana wanga wachisamba ali Folomu 3. Bambo ake adamutumizira foni kuchokera ku Joni, ndiye masiku ano iye ndi anzake akungokamba za mzungu wina dzina lake Ted Bundy. Usiku wina ndidamulanda foniyo ndipo chithunzi cha mwamunayo ndidachipeza pamwamba penipeni. Nditafunsa, akuti ameneyu amati adapha atsikana ambiri, koma iye sakhulupirira kuti munthu wooneka bwino chotero, wophunzira zauloya, angachite zimenezo, mwina adangomunamizira. Mnzake wina akuti kaya adapha kaya sadaphe, kukongola kokha adakongola. Ine mutu waima. Kodi munthuyu adali ndani? Foniyi ndiisunge mpaka alembe mayeso?

Mayi wa kwa Mpondasi

Achemwali anga,

Foni mubwezereni mwanayo. Mukaisunga akaonera pa ya mnzake, ndipo phindu lanu lidzakhala lakuti sadzakuuzaninso zomwe akuonera. Koma madzulo ano nsima ikatha mukhale naye pamkeka, mumuwerengere zomwe ndilembe apazi. Ndiyambira kunyanja, poti ife a kuno nyanja timaidziwa.

Pa 14 Julayi 1974, tsiku Lamulungu, pagombe la nyanja yaing'ono yotchedwa Sammamish, kufupi ndi mzinda wa Seattle m'chigawo cha Washington, padadzaza anthu pafupifupi 40,000. Ganizirani gombe la kwa Makawa tsiku la Idi kapena la Khirisimasi, mawailesi akulira, ana ali m'madzi, kenaka muchulukitse kangapo. Dzuwa lili pamutu, mnyamata wina wovala zoyera zokhazokha, mkono wamanzere ataukoleka m'nsalu yomanga m'khosi ngati wothyoka, ankayenda pakati pa anthuwo n'kumaima pomwe waona mtsikana ali yekha. Ankapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti dzina lake ndi Ted, ndipo akupempha thandizo: ali ndi kaboti kathanga, koma ndi mkono umodziwu sangathe kukanyamula yekha pagalimoto.

Atsikana angapo adakana. Mmodzi adavomera, adayenda naye mpaka pomwe adaimika galimoto, ka Volkswagen kaja ka msana ngati kamba, ndipo ataona kuti boti palibe adabwerera. Mnyamatayo sadakwiye, adapepesa bwinobwino. Patangopita kanthawi mayi yemweyo adamuona akudutsa ndi mtsikana wina wokankha njinga yakapalasa. Ameneyo, wa zaka 23, sadaonekenso. Patatha maola anayi mnyamata uja adabweranso pagombe lomwelo, ndi mkono womwewo, ndi nkhani yomweyo, ndipo mtsikana wa zaka 19 amene adangochoka pomwe adakhala ndi chibwenzi chake kuti akadzithandize naye adasowa. Mafupa a awiriwa adatoledwa mu Seputembala m'tchire la kufupi ndi tauni ya Issaquah, makilomita ochepa kuchokera pagombepo.

Mkonowo udali wabwinobwino.

Taonani, achemwali, atsikanawa sadawafunsire, sadawalonjeze ndalama. Adawapempha thandizo, ndipo mwana woleredwa bwino sakana kuthandiza wovulala. Masiku ena ankayenda ndi ndodo zoyendera, mwendo uli m'chikhakha chabodza, n'kumavutika dala ndi mabuku kapena chikwama pafupi ndi pogona atsikana a payunivesite. Wachifundo akamunyamulira mpaka pagalimoto n'kuwerama kuti aike katunduyo, chitsulo chomwe adabisa pambali pa galimotoyo chinkatera m'mutu. Mpando wakutsogolo wa wokwera ankaugwejula kuti pakhale malo ogoneka munthu, odutsa asaone. Izi mumuuze mwanayo momwe ndalemberamu, osachepetsa, chifukwa chithunzi chili pafoni yakecho sichionetsa mpando wogwejulawo.

Adabadwa pa 24 Novembala 1946 ku Burlington, m'chigawo cha Vermont, m'nyumba yosungira atsikana otenga pathupi asanakwatiwe. Pobisa manyazi, agogo ake a ku Philadelphia adamulera ngati mwana wawo, mayi ake omubereka n'kumatchedwa mlongo wake. Dzina loti Bundy ndi la bambo womupeza, wophika pachipatala ku Tacoma, amene adakwatira mayi akewo mu 1951. Ena amathamangira pamenepa kuti ndiye gwero la zonse. Ine ayi. Kuno kwathu ndi ana angati akuleredwa ndi agogo, bambo osawadziwa nkhope? Zikadakhala kuti zimenezo zimapanga wopha anthu, bwenzi titatha tonse kuyambira ku Makanjira mpaka kwa Chimwala.

Sukulu adaphunziradi, mwana wanu sakunama. Mu 1972 adatenga digiri ya kaganizidwe ka munthu pa University of Washington. Adagwirapo ntchito yausiku pamalo ena mu Seattle pomwe anthu ofuna kudzipha amaimbira foni, iye n'kumawatonthoza. Adathandiza nawo kampeni ya bwanamkubwa wa chigawocho, Daniel Evans, kenaka adayamba sukulu yauloya. Chomwe chimandiziziritsa nkhongono n'chakuti mu 1974, atsikana a m'mayunivesite akusowa pafupifupi mmodzi mwezi uliwonse, iye adalembedwa ntchito ku Olympia kunthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi, nthambi yomwe inkathandiza nawo kusaka atsikana osowawo.

Zitachitika za kugombe zija, apolisi adali ndi dzina loti Ted, mtundu wa galimoto, ndi chithunzi chojambula pamanja chomwe adachifalitsa m'manyuzi ndi pa TV. Anthu anayi omudziwa adapereka dzina lake: chibwenzi chake, mayi wina amene ankagwira naye ntchito ya mafoni ija, mnzake wa kuntchito ya boma, ndi mphunzitsi wake wa payunivesite. Koma malipoti ankafika mpaka 200 patsiku, ndipo apolisi ataona kuti uyu ndi mwana wasukulu yauloya, wodzisamalira, wopanda mlandu chikulireni, dzina lake adaliponya pamulu. Chibwenzi chakecho, chomwe adakhala nacho kuyambira 1969, chidapezapo m'chipinda mwake ndodo zoyendera, thumba la ufa uja amaumbira chikhakha kuchipatala, ndi chimpeni chodulira nyama chomwe sichidagwirepo ntchito kukhitchini. Mayiyo adaimbira apolisi kangapo konse, komabe ankabwerera kwa iye, akudzida yekha kuti akuganizira zoipa munthu wabwino.

Atasamukira ku Salt Lake City kukapitiriza zauloya, kusowa kwa atsikana kudaleka ku Washington n'kuyamba ku Utah, kenaka Colorado ndi Idaho. Pa 8 Novembala 1974, pamalo ena a masitolo ambiri m'tauni ya Murray, adayandikira mtsikana wa zaka 18 n'kudzitchula kuti ndi wapolisi, dzina lake Roseland. Akuti wina amafuna kuthyola galimoto ya mtsikanayo, ndiye atsagane kupolisi akapereke sitetimenti. Mtsikanayo adakayika. Wapolisi wanji wonunkha mowa, woyendera kagalimoto kakutha? Adapempha chiphaso, adamuonetsa kabaji mwachangu n'kubweza. Adakwera ndithu, poti wapolisi sakanidwa. Ataona kuti msewu sukulowera kupolisi adalankhula, ndipo apo Bundy adaimika galimoto n'kumugwira kuti amumange unyolo. Mtsikanayo adalimbana naye, kukanda, kukuwa, mpaka mbali zonse ziwiri za unyolo zidatsekera padzanja limodzi. Adatsegula chitseko n'kugwera panja, adathamangira pamsewu, galimoto ya banja lina idaima. Usiku womwewo pasukulu ina ya sekondale ku Bountiful, mtsikana wa zaka 17 adatuluka m'holo momwe munkachitika sewero kuti akatenge mlongo wake, osabwereranso. Pamalo oimika magalimoto pasukulupo apolisi adatola kakiyi, ndipo kakiyiko kadatsegula unyolo udali padzanja la woyamba uja.

Adagwidwa pa 16 Ogasiti 1975 m'bandakucha, osati ndi akatswiri ofufuza, koma ndi wapolisi wapamsewu amene adadabwa kuona galimoto ikuthawa itangomuona. M'galimotomo mudapezeka unyolo, chingwe, chitsulo chonga mgwala, ndi chipewa chobisa nkhope chosiya maso okha. Paperete wozindikira wolakwa adabwera atameta ndevu zapamlomo, tsitsi atalipesa mwina, koma mtsikana wa unyolo uja adamuloza. Mu 1976 khoti lidamupeza wolakwa pamlandu woba munthu.

Tsopano ndiulule changa. Ndisanapume ndidagwira ntchito yomasulira m'khoti zaka zambiri, Chingerezi, Chichewa ndi Chiyao. Tsiku lina m'bokosi mudaima bambo wina woimbidwa mlandu wogwiririra mwana womupeza. Malaya oyera ositidwa mpaka mzere wapamkono ungakucheke, tayi, nsapato zopolisha. Tsiku loyambalo ine ndinkatsimphina chifukwa ndidali nditaponda msomali. Mlandu udaimitsidwa, ndipo utadzapitirira patatha masabata atatu, bamboyo polowa adandiweramira n'kunong'ona kuti, “Mayi, phazi lija lapola?” M'khoti monsemo, ngakhale anzanga a muofesi, padalibe wina adakumbukira phazi langa. Mwanayo, wa zaka 13, adabwera ndi chitenje chofwifwa, ankayankha akuyang'ana pansi, masiku akuwasokoneza, Lachiwiri n'kusanduka Lachinayi. Ndili m'kati momasulira ndidadzigwira ndekha ndikuchita chinthu chonyansa. Mawu a bamboyo ndinkawapititsa m'Chingerezi chosalala, chaulemu, pomwe a mwanayo ndinkangowaponya momwe atulukira, odukaduka. Palibe adandipatsa khobidi. Adangondifunsa za phazi. Idamumangitsa ndi kalata ya kuchipatala, osati ine, ndipo usiku umenewo nsima sindidaikhudze.

N'chifukwa chake sindimuseka jaji Edward Cowart. Mu Julayi 1979 ku Miami, atangomaliza kugamula kuti Bundy aphedwe, adamuuza kuti ndi mnyamata wanzeru, akadakhala loya wabwino, ndipo akadakonda kumuona akuimira anthu pamaso pake, kungoti adatenga njira ina. Ameneyu ndi munthu amene adaona zithunzi zonse za mitembo, adamva mboni zonse. Ngati jaji wamkulu msinkhu adafewa chotero, mwana wanu wa Folomu 3 musamuone ngati chitsiru.

Koma mumlandu womwe ankaweruzawo mudalibe ulemu kapena kumwetulira. Pa 15 Januwale 1978, cha m'ma 3 koloko usiku, atathawa kundende, adalowera khomo lakumbuyo la nyumba yogona atsikana a Florida State University ku Tallahassee, chipika cha nkhuni chili m'manja. M'mphindi zosakwana 15 adamenya atsikana anayi ali m'tulo. Awiri adafa, awiri adatsala ndi nsagwada zothyoka. Atatuluka adakathyola nyumba ina chapafupi n'kumenyanso wachisanu, amene adapulumuka koma khutu limodzi lidagontheratu. Pa 9 Febuluwale adatenga mwana wa zaka 12 pasukulu ku Lake City, ndipo mtembo wake udapezeka patatha miyezi iwiri m'khola la nkhumba losiyidwa. Wa zaka 12, achemwali, msinkhu wa Sitandade 6. Pathupi la mmodzi wa a ku Tallahassee adasiyapo mano, ndipo madokotala a mano adaonetsa khoti kuti malo olumidwawo akugwirizana ndi mano ake okhota. Mtsikana wina wa m'nyumbamo, amene ankangofika kumene, adamuona akutuluka chipika chili m'manja.

Zoti adamunamizira adazitsutsa ndi mwiniwake. Atakana kwa zaka zoposa khumi, masiku ake atatsala owerengeka adayamba kuitana apolisi a zigawo zosiyanasiyana n'kumaulula, mtsikana ndi mtsikana, phiri ndi phiri, poganiza kuti akamatulutsa pang'onopang'ono boma lichedwetsa tsiku lake. Adavomera kuti adapha anthu 30 m'zigawo 7 pakati pa 1974 ndi 1978. Bwanamkubwa wa Florida adakana kuchedwetsa, ndipo pa 24 Januwale 1989 m'mawa adamukhazika pampando wamagetsi ali ndi zaka 42.

Akazi okopeka naye sadayambe ndi mafoni. Mlandu wa ku Miami udaonetsedwa pa TV m'dziko lonse la America, ndipo atsikana ankabwera kukhoti kudzangomuona. Mu 1980, mlandu wa mwana wa zaka 12 uja uli m'kati, Bundy adafunsira mboni yake yomwe pamaso pa jaji, mayiyo adavomera, ndipo mwa lamulo lina la ku Florida ukwati udamangika pomwepo. Mayiyu adamuberekera mwana iye ali m'ndende, akukhulupirira kuti mwamuna wake ngosalakwa. Ataulula, mayiyo adakana ngakhale kulandira foni yake yomaliza.

Ndikudziwa mukuyembekezera kuti nditchule chikomekome cha mkuyu. Mwambiwo ngwabwino koma pano sukwanira, chifukwa nkhuyu umaing'amba n'kuona nyererezo usanadye, pomwe munthu sungamung'ambe. Mwana wanu sadzatha kuzindikira woipa pomuyang'ana nkhope. Jaji adalephera, ine ndidalephera. Chomwe angathe n'china. Taonani amene adapulumuka: wokana kunyamula boti, wobwerera ataona kuti boti palibe, wokanda ndi kukuwa. Onsewa adalolera kuoneka amwano. Ife ana aakazi timawaphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayankha akulu, kusakana kutumidwa, ndipo kunsondo ndi kuchilangizo timabwerezanso. Sindikuti tisiye. Koma pamwamba pa zonsezo mumuuze ndi pakamwa panu, inu mayi ake, kuti mwamuna wosamudziwa akamupempha kuti amuperekeze komwe kulibe anthu, kaya wavala kolala, kaya mkanjo ndi mzuli, kaya yunifolomu, kaya akutsimphina, ali ndi chilolezo chanu chokana. Ndipo kuti munthuyo akadzabwera kudzadandaula kuti mwana wanu ngwamwano, inu mudzaima mbali ya mwanayo. Mwamuna wothyokadi mkono, boti amapempha amuna anzake. Pagombe paja padali anyamata zikwizikwi amphamvu zawo, koma amene adauza apolisi kuti Ted adawapempha adali akazi okhaokha.

Za chithunzicho musamukakamize kuchichotsa. Mungomufunsa kuti mwa atsikana 30 aja, ndi angati akuwadziwa mayina.

Azakhali,

Ine ndine wakabaza wa njinga yamoto pa Namwera. Pasiteji tikutsutsana. Anzanga ena akuti Bundy ameneyu ankagulitsa ziwalo kwa anthu a bizinesi. Ine ndikuti adali wokhwima, adatemera, n'chifukwa chake adathawa m'ndende kawiri azungu ali maso. Ndabetcha mafuta a malita awiri. Tiweruzeni.

Wakabaza, Namwera

Mwanangu, kagule mafutawo ukapereke. Koma anzakowo asavine, nawonso aphonya.

Kuthawa koyamba kudali pa 7 Juni 1977 ku Aspen, m'chigawo cha Colorado. Poti adati adziimira yekha pamlandu, jaji adalola kuti asamangidwe unyolo m'manja ndi m'miyendo. Panthawi yopuma adapempha kukawerenga mabuku a malamulo m'laibulale ya pakhotipo, m'chipinda cham'mwamba. Adabisala kuseri kwa shelefu, adatsegula zenera n'kudumpha, mwendo n'kubinya. Wokhwima wakoyo adasochera m'phiri, njala ndi chisanu zikumukwapula, ndipo patatha masiku 6 apolisi adamugwira akuyendetsa mokhotakhota galimoto yakuba. Mphinizo zidali kuti?

Kachiwiri ndi pa 30 Disembala chaka chomwecho, kundende ya Glenwood Springs. Adapeza kasowo kodulira zitsulo, adaboola kudenga kabowo ka masentimita 30 mbali zonse, ndipo adadzimana chakudya mpaka kutaya makilogalamu 16 kuti akwanepo. Kwa masabata angapo ankakwera usiku kukayesa njira. Alonda adauzidwa kuti kudenga kukumveka munthu, palibe adakwera kukaona. Usiku wa tsikulo, alonda ambiri ali kutchuthi cha Khirisimasi, adaunjika mabuku pabedi n'kuwafunditsa bulangete, adakwawa kudengako n'kutsikira m'nyumba ya mkulu wa alonda amene adali atapita koyenda ndi mkazi wake, adavala zovala za bwanayo n'kutulukira khomo lakumaso. Alonda adazindikira mawa lake masana, patatha maola 17, iye ali kale ku Chicago. Chithumwa chake chidali ulesi wa alonda, ndipo patangotha masabata awiri ulesi umenewo udaphetsa atsikana a ku Tallahassee ndawatchula pamwambapa.

Za ziwalo ndikumvetsa komwe zikuchokera. Kuno tikamva kuti munthu wapha ambiri, maganizo amathamangira ku zomwe zakhala zikuwachitikira abale athu achialubino, komwe kumakhala wotuma ndi wogula. Bundy sadatumidwe ndipo sadagulitse kanthu. Ku Florida ankakhalira kuba zikwama ndi makadi a kubanki a eni. Ankapha pofuna kugwiririra ndi kukhala mwini wa munthu kotheratu, ndipo ankabwerera kumitembo m'tchire mpaka itawola. Dzulo lake la kuphedwa adauza mtsogoleri wina wachikhristu pakamera kuti zidamuwononga ndi zithunzi zolaula. Ine ndimaona kuti apanso adangoyang'ana amene wakhala patsogolo pake n'kumupatsa zomwe amafuna kumva, ntchito yomwe adaigwira moyo wake wonse.

Nkhani ya kukhwimayi ndimaiopa pachifukwa china. Mu 2017, mphekesera ya anamapopa itabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu okwiya. Ena adali alendo ongodutsa, wina adali wodwala khunyu amene adatenthedwa ku Blantyre. Madokotala sadapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi. Tikayamba kusaka wokhwima timagwira wosauka wooneka zachilendo. Bundy akadatsika pa Namwera masiku amenewo ndi malaya ake ositawo, bwenzi inu a pasiteji mukulimbirana kuti akwere njinga ya yani.

Azakhali okondedwa,

Ndili ndi zaka 22, ndidalemba Folomu 4 koma ntchito sindikuipeza. M'minibasi yochokera ku Liwonde ndidakhala ndi bambo wina waulemu kwambiri, adandilipirira ndi thiransipoti yomwe. Akuti ali ndi bungwe lothandiza atsikana ku Johannesburg ndipo angandipezere ntchito ya muofesi. Akuti ndisauze anthu ambiri poti kwathu kuno nsanje njambiri, angandilodze, ndipo za pasipoti asamala okha. Timalankhulana pa WhatsApp, sadandifunsirepo, sadandigwirepo ngakhale dzanja. Mkulu wanga chionereni kanema wa Bundy akuti ndisapite. Kodi si nsanje yomwe amanenayo?

Mtsikana wa ku Malindi

Mwanawe,

Bambowo sindikuwadziwa, ndipo sindinganene kuti ndi chigawenga. Mwina ntchitoyo ilipodi. Koma poti watchula Johannesburg ndi bungwe lothandiza atsikana, Bundy tamusiya, ndikuuze za wapafupi.

Moses Sithole adabadwa mu 1964 ku Vosloorus, kufupi ndi Johannesburg komweko. Adali wovala bwino, wolankhula mofatsa, ndipo adali ndi kabungwe kapakamwa kotchedwa Youth Against Human Abuse, kooneka ngati kolimbana ndi nkhanza. Mu 1994 ndi 1995, dziko lija likusangalala ndi ufulu, ankakumana ndi amayi osaka ntchito masanasana n'kuwauza kuti kuofesi kwake kukufunika munthu. Tsiku lokaonana ndi mabwana likafika ankati tidutse njira yachidule ya m'tchire, ofesi ili kuseri uko. Kumeneko ankawagwiririra n'kuwapha powamanga pakhosi ndi zovala zawo zomwe. Mitembo idapezeka ku Atteridgeville, ku Boksburg ndi ku Cleveland. Mu Seputembala 1995 pamalo amodzi kufupi ndi mgodi ku Boksburg padapezeka mitembo 10, mpaka Nelson Mandela adapita yekha kukaona. Mu Disembala 1997 khoti lidamupeza wolakwa pamilandu 38 yakupha ndi 40 yogwiririra, ndipo lidamupatsa zaka 2,410.

Ukudziwa chidamugwiritsa? Apolisi adapeza kuti mmodzi wa amayiwo, tsiku lomwe adasowa, adali ndi pangano lokakumana ndi munthu wotchedwa Moses Sithole pankhani ya ntchito. Dzina lidatsala kumbuyo.

Ndiye m'kalata yako ulemu wa bambowo sukundivuta, thiransipoti adakulipirirayo ngakhale ine ndikadalandira. Zikundivuta ndi ziwiri: zoti usauze anthu, ndi zoti pasipoti asamala okha. Wolemba ntchito weniweni amafuna abale ako adziwe komwe uli, chifukwa ukadwala amafuna womuimbira. Nsanje ilipodi kwathu kuno, sindikana, koma imagwiranso ntchito ngati mpeni wodulira mtsikana kwa abale ake. Ndipo si onse otere amapha. Ambiri amangokulanda pasipoti mukangodutsa malire, n'kukuuza kuti uli ndi ngongole ya ulendo, uigwirira ntchito yomwe sudaimvepo m'minibasi muja. N'chifukwa chake mu 2015 dziko lino lidakhazikitsa lamulo lapadera lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Zosakugwira dzanja m'minibasi yodzaza mpaka pakhomo si umboni wa kalikonse.

Mkulu wako sakukuchitira nsanje. Uwauze bambowo kuti nkhaniyi yafika kwa amalume, ndipo amalume akuwaitana kunyumba masana. Akupatse dzina la bungwelo, msewu ndi nambala ya nyumba. Ku Malindi kulibe banja lopanda mbale ku Joni, ndiye mmodzi apite wapansi akaone ngati pakhomopo pali ofesi kapena chigayo. Upitenso kuofesi ya zantchito paboma ukafunse. Pasipoti ukatenge wekha ku Immigration, ndi ndalama zobwereka kwa abale ngati n'kotheka, ndipo izikhala m'chikwama chako. Pomaliza uwauze kuti amalume akufuna kujambula chiphaso chawo chaunzika pafoni, kuti chitsale kumudzi.

Ukatero undilembere zomwe ayankhe, koma kalatayo uilembere ku Malindi konko.

Ndine Azakhali anu, Mangochi